Nsalu Yonyowa ya a Kamphinda

"Ndiye mukapepese chiyani?"

"Ndikapepese basi. Munthu akalakwa amapepesa."

"Mwalakwa chiyani, ababa? Tanenani ndimve. Mwaba? Mwatukwana munthu?"

"Ndafufuta lipoti la bwana."

"Mwapukuta galasi!" Alinesi anamenyetsa malaya onyowa m'beseni, thovu n'kudumphira pamapazi a bambo ake. "Zaka makumi awiri ndi zitatu mwakhala mukupukuta magalasi a makompyuta mu ofesi ija m'mawa uliwonse. Lachinayi munachita chiyani chachilendo?"

A Greenwell Kamphinda anali pakhonde la nyumba yawo ku Mchesi, kalata yowaimitsa ntchito ya umesenjala ili pabondo. Anali ataipinda ndi kuitambasula kambirimbiri moti inayamba kung'ambika m'mizere. Akazi awo, Nankhoma, ankasanja tomato m'dengu kuti apite kumsika wa m'tauni.

"Iwe, tsitsa mawu," anatero Nankhoma. "Anthu amve kuti kuno tabereka loya? Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ntchito uli nayoyo anakupemphera ndi bambo akowa, kwa bwana wawo a Msokera omwewo. Lero ufuna ukawaphunzitse kompyuta?"

"Wina ayenera kuwaphunzitsa, amayi. Kuizimitsa kokha sadziwa."

"Alinesi!"

"Ndikunama? Ofesi yonse ikudziwa. Safunsa anadya phula, koma kuno phula adye a Msokera, m'mimba mupweteke mwa ababa?"

Nkhani yake inali yotere. Milungu isanu ndi umodzi yapitayo, azungu othandiza bungwe limene Alinesi ndi bambo ake ankagwirako ntchito, pansanjika yachitatu ku City Centre, anabweretsa makompyuta khumi ndi anayi atsopano. Anali oti munthu azikhudza galasi ndi chala ngati foni. Ukayatsa, m'malo mwa zimene anthu anazolowera, pankatuluka timabokosi tamitundumitundu timene aliyense ankangoti matailosi. Batani lozimitsira linabisidwa kutali, moti ena analifuna masiku atatu. Onse anafunsana n'kulipeza. A Dalton Msokera, mkulu wa ofesiyo, sakanafunsa munthu amene amamusainira tchuthi. Madzulo ankangodikira galasi lide lokha, n'kutseka chitseko.

Lachitatu anasiya lipoti limene analilemba masiku anayi lili chitsegulire, osaseva. Lachinayi m'mawa a Kamphinda analowa ndi nsalu yawo yonyowa n'kupukuta kuchokera pamwamba kutsikira pansi, monga anaphunzitsidwira kalekale. Kompyutayo inayesa nsaluyo chala. Inatseka lipoti, n'kufunsa ngati alisunge. Nsalu inadutsanso kachiwiri n'kuyankha kuti ayi.

"Ine ndinkaona kuti galasi la bwana limaphethira ndikamapukuta," anatero a Kamphinda motsitsa mawu. "Ndinkati mwina ndi mmene zimachitira zatsopanozi."

"Anakuuzani ndani kuti musamapukute? Pamene anthu ankapita kuhotela kukaphunzira makompyutawa, inu anakusiyani. Anati mesenjala sagwiritsa ntchito kompyuta. Tawerengani kalatayo. Akuti mwagwiritsa ntchito kompyuta popanda chilolezo. Chabwino nchiti pamenepa?"

"Mwana iwe, mafunso ako sadyetsa munthu," anatero Nankhoma akusenza dengu. "Bambo ako atsala ndi miyezi isanu ndi inayi kuti apume ntchito mwaulemu. Akachotsedwa pano, zaka zonse zija zapita m'madzi. Njovu ikakupondera m'munda suifunsa chifukwa. Bambo a Alinesi, mukapepese. Mlandu wake liti?"

"Lachisanu la sabata ya mkuja."

"Mukapepese lisanafike."

Lolemba Alinesi anapita yekha kuntchito. Pa kontrakiti yake ya miyezi isanu ndi umodzi ankagwira chilichonse chimene ena sankafuna, ndipo sabata imeneyo anapatsidwa mafomu. Azungu aja ankafuna kumva maganizo a ogwiritsa ntchito makompyuta atsopanowo. Fomu iliyonse inali ndi mabokosi anayi: zabwino kwambiri, zabwino, zovutirapo, zoipa. M'munsi munali mizere itatu ya ndemanga, ndipo pamwamba panali polemba dzina.

Anayambira pa desiki ya mayi Asiatu, sekilitale wa a Msokera, amene anayamba ntchito nthawi ya mataipi.

"Mayi, maganizo anu."

"Maganizo anga? Khala pansi, mwanawe." Mayi Asiatu anavula magalasi. "Phewa ili silikugona. Tsiku lonse dzanja lili m'mwamba ngati ndikulumbira kukhoti. Kale ndinkatsegula makalata awiri pambalipambali, kukopera uku ndikuona uku. Ichi chimafuna chinthu chimodzi chidzaze galasi lonse ngati mwana wopusa. Ndikawerama kuti nditole cholembera, mpango wanga ukakhudza, kalata yathawa. Ndinapempha mausi yanga yakale, bwana akuti anazitsekera kusitolo zonse, azungu asadzaone ngati ndife otsalira."

"Ndiye mulembe zomwezo."

Mayi Asiatu anatenga fomu, n'kuchonga bokosi loyamba. Pa ndemanga analemba kuti: Tikuthokoza kwambiri.

"Mayi!"

"Dzina langa lili pamwamba apa, Alinesi. Fomuyi idutsa pa desiki ya ndani isanapite kwa azungu? Ine ndili ndi adzukulu atatu pakhomo. Mlendo akakubweretsera nsalu sumuuza kuti yachepa."

A Shadrick oyang'anira magalimoto anamulandira akudya mandasi. Galasi la kompyuta yawo linali mbuu ndi zidindo za zala zamafuta.

"Waona mmene lada?" anatero. "Chipitire madala Kamphinda palibe wolikhudza. Aliyense akuopa. Ine mchemwali zala zangazi n'zazikulu. Ndikaloza Toyota imatsegula nyengo ya ku London. Dzulo ndafuna ndione mafuta a galimoto ya ku Dedza, yandiuza kuti ku London kukugwa mvula. Ndili nayo chiyani ine mvula ya ku London?"

"Lembani choncho, achimwene."

"Iwe ukufuna ndikakhale nawo madala pakhonde?" A Shadrick anapukuta chala pa buluku, n'kuchonga bokosi loyamba.

Pofika Lachitatu mafomu onse khumi ndi anayi anali atabwera. Onse anati zabwino kwambiri, kuphatikizapo a anthu awiri amene anali atakankhira makompyutawo pakona n'kumabwera ndi malaputopu awo akunyumba. Pa fomu ya a Msokera panalembedwa kuti: N'zosavuta, ngakhale mwana angathe. Alinesi anaphatikiza zonse pa tsamba limodzi monga anauzidwira. Anakhala nthawi akuyang'ana mzere womaliza, woti palibe wogwiritsa ntchito amene wapeza vuto. Unali woona, chifukwa palibe analemba vuto. Anasaina dzina lake m'munsi n'kukapereka.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, a Kamphinda anavala jekete yawo yakuda n'kunena kuti akupita ku Area 47. Nankhoma anawamangira nkhuku miyendo.

"Uwaperekeze," anauza Alinesi. "Koma pakamwa pako usiye pompano."

Anakwera minibasi kudepoti, n'kutsika pamsewu waukulu, kenako anayenda pansi m'mbali mwa mipanda ya njerwa. Nkhuku inkalira pang'onopang'ono kukhwapa kwa a Kamphinda. Pageti anadikira nthawi yaitali mlonda asanawalowetse.

A Msokera anali pakhonde atavala kabudula, akuwerenga nyuzipepala. Panali mipando itatu yopanda anthu. A Kamphinda ananjuta pansi pa masitepe, ndipo Alinesi, mtima ukumuwawa, anagwada pambali pawo.

"Aa, madala! Mwabwera ndi loya wanu?" A Msokera anaseka. "Nkhukuyo perekani kukhitchini. Madala, mwandipweteka. Azungu andiimbira kanayi. Mukudziwa manyazi amene ndadya?"

"Pepani, bwana. Dzanja lilibe maso."

"Ine ndilibe nanu chifukwa. Takhala limodzi zaka zingati? Koma kulikulu akufuna adziwe chinachitika n'chiyani, ndipo sakonda nkhani zazitali." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lotaipidwa kale. "Mungosaina apa. Mukuvomera kuti munaiyatsa nokha kompyuta ija, mwachidwi chabe, n'kumadinadina. Munthu wovomera amamveredwa chisoni. Ine ndidzakuyankhulirani. Chenjezo basi, Lolemba mwabwerera pantchito."

"Koma bwana, sanaiyatse," anatero Alinesi. Mawu anatuluka okha.

A Msokera anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Unalipo?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye ukuti inayaka yokha? Kapena ukuti ine ndinaisiya choyaka ngati mwana wa sukulu?" Anatembenukira kwa a Kamphinda. "Madala, mwana uyu ndi wanzeru, ndimamukonda. Kontrakiti yake ikutha mwezi uno, eti? Ndimaganiza zoti ndimulembere ina. Koma ofesi imafuna anthu ogwirizana."

A Kamphinda anapempha cholembera. Anatsamiritsa pepala pabondo n'kusaina pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, monga ankasainira m'buku la makalata.

Anabwerera kunyumba. Nankhoma atamva, anawomba m'manja.

"Basi, zatha. Mulungu ndi wabwino."

"Zatha bwanji, amayi? Asainira bodza."

"Bodza lake likupha ndani?"

"Ababa, mwawerenga bwino pepala lija? Mwavomera kuti munachita dala. Kupukuta ndi ngozi. Kuyatsa n'kumadinadina ndi mlandu wina."

"Bwana walonjeza," anatero a Kamphinda akuvula nsapato. "Ine munthu uja ndinamulandira ali mnyamata, atangochoka kusukulu. Ndinkamusonyeza ndine kumene kuli chimbudzi. Sangandigwetse."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, ababa. Iye walewa, nkhonya yapeza inu."

"Nanga ukufuna nditani?" Kwa nthawi yoyamba a Kamphinda anakweza mawu. "Ndikaime pamaso pa anthu ndinene kuti bwana sadziwa kuzimitsa makina ake? Ndimuvule munthu wamkulu pagulu? Ine sindinaleredwe choncho. Ndipo ndasainira iwe. Ine ndatha kale, miyezi isanu ndi inayi si kanthu. Iwe ndiye uli ndi mtunda."

"Sindinakupempheni."

"Mwana sapempha," anatero Nankhoma. "Fupa lokakamiza limaswa mphika, Alinesi. Lachisanu ukakhale chete. Wandimva?"

Alinesi anatola ndowa n'kupita kumpopi, ngakhale madzi anali odzaza m'nyumba.

Lachisanu mlandu unachitikira m'chipinda cha misonkhano. Woweruza anali mayi Immaculata, oona za antchito, ochokera kulikulu la bungwelo ku Area 10. Anali mayi wotopa, wa mafayilo ambiri, ndipo anangofika n'kunena kuti ali ndi msonkhano wina masana. Mayi Asiatu ankalemba zokambirana. Alinesi anatumidwa kunyamula kompyuta ya a Msokera kuti ikhale patebulo ngati umboni. Anailumikiza kusoketi, naiyatsa, n'kuima pafupi ndi chitseko. Palibe anamuuza kuti atuluke.

A Kamphinda anakhala kunsonga ya mpando, chipewa chili m'manja.

"Bambo Kamphinda, siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, mayi."

"Anakukakamizani?"

"Ayi, mayi."

"Mukuvomera kuti munayatsa nokha kompyuta ya mkulu wa ofesi n'kuigwiritsa ntchito?"

A Kamphinda anayang'ana a Msokera. "Ndi mmene zalembedwera, mayi."

Mayi Immaculata anapumira m'mwamba n'kutsegula kabuku ka malamulo. "Ndiye mwandimanga manja, bambo. Ikanakhala ngozi, likanakhala chenjezo. Koma kutsegula dala makina a mkulu n'kuwononga ntchito ya bungwe, lamulo lathu likuti munthu achotsedwe. A Msokera, muli ndi mawu?"

A Msokera anayang'ana pawindo, kumene kunkaoneka madenga a Capital Hill. Anakonza tayi. "N'zomvetsa chisoni," anatero. "Koma malamulo ndi malamulo. Ine sindingaime pamwamba pa likulu."

Alinesi anaona chipewa chikugwa m'manja mwa bambo ake. Bambowo sanachitole.

"Mayi, ndingayankhule?"

"Ndiwe ndani?"

"Alinesi Kamphinda. Awa ndi bambo anga. Sanaiyatse kompyutayi. Sadziwa n'komwe poyatsira. Inali choyaka, chifukwa chibwerereni sinazimitsidwepo."

"Mtsikana iwe, samala," anatero a Msokera.

"Ngati ndikunama, mayi, n'zosavuta. Iyi ili apa, ikuyaka. Bwana angoizimitsa tione."

Cholembera cha mayi Asiatu chinaima. Mayi Immaculata anatsamira kumpando.

"A Msokera, taizimitsani tipitirize."

"Ine ndiyesedwe mayeso ndi kalaliki wa kontrakiti?"

"Si mayeso. Ingozimitsani."

A Msokera anakokera mpando pafupi. Anakhudza tailosi imodzi, panatuluka kalendala. Anakhudza ina, panatuluka zithunzi za mapiri a chipale. Anakoka chala kuchokera kumanzere, kalendala ija inabwereranso. Thukuta linayamba kutsika kuseri kwa khutu n'kulowa m'kolala. Anadina pakona ya m'munsi, pamene batani linkakhala pa makompyuta akale, ndipo anadinanso kachiwiri mwamphamvu mpaka galasi linagwedera. Kenako nyimbo inayamba kulira.

Alinesi ankayembekeza kuti mtima wake ukondwa. Sunakondwe. Ankangoona dzanja la munthu wamkulu likupapasa pagalasi, ndi mayi Asiatu atazolika ngati ali pamaliro.

Apo a Kamphinda anadzuka. Anazungulira tebulo mwakachetechete, atawerama monga ankadutsira ndi thireyi ya tiyi pakati pa msonkhano. Anagwada pakhoma n'kuzula chingwe kusoketi. Nyimbo inaduka, galasi linada.

"Yazima, bwana," anatero. "Musavutike."

"Ababa!"

"Khala chete, Alinesi. Wachita zokwana."

Mayi Immaculata anatseka maso kwa kanthawi. Kenako anatulutsa pepala lina mufayilo. "Ine ndimaweruza zolembedwa," anatero. "Pano ndili ndi kalata yovomera, yosainidwa. Ndilinso ndi lipoti la maganizo a ogwiritsa ntchito, la sabata yathayi. Likuti anthu onse khumi ndi anayi, a Msokera omwe, sapeza vuto lililonse ndi makompyutawa. Analemba ndani lipotili?"

Alinesi anayankha ali pachitseko pomwepo. "Ndine, mayi."

"Siginecha iyi ndi yako?"

"Ndi yanga."

"Ndiye ndikhulupirire Alinesi uti, wa papepala kapena wa pachitseko? Mayi Asiatu, inu mumakhala pakhomo pa ofesi ya bwana. Munaonapo kuti kompyuta yawo imagona choyaka?"

Mayi Asiatu anakonza mpango wawo. "Ine ndimaweruka msanga, mayi. Ndimathamangira Swala kumzikiti."

"Chabwino." Mayi Immaculata anayang'ana wotchi. "Bambo Kamphinda, ngati mukufuna kubweza kalata yanuyi, nenani pano kuti munasainira zabodza, ndipo munene amene anakulemberani. Nkhani iyambirenso."

A Kamphinda anali chigwadire pakhoma, chingwe chili m'manja. Anayang'ana mwana wawo. Anayang'ana a Msokera, amene ankapukuta khosi ndi kampango. Anaika chingwecho pansi bwinobwino.

"Zimene ndinasaina ndasaina, mayi."

Makalata anatuluka isanakwane thwelofu. Ya a Kamphinda inali ya masamba awiri. Ya Alinesi inali ya mizere itatu: bungwe likuthokoza, kontrakiti siwonjezedwa, ndipo masiku otsalawo akapumire kunyumba. A Shadrick anawaperekeza mpaka pamasitepe, n'kunena kuti Mulungu alipo, kenako anabwerera msanga foni yawo isanalire n'komwe.

Anakwera minibasi ya m'tauni. A Kamphinda anakhala kuwindo, atanyamula jumbo momwe munali kapu yawo ya tiyi, sopo ndi nsapato zakale. Atadutsa pachipatala chachikulu anayankhula osatembenuka.

"Ukanakhala chete, bwenzi mmodzi atatsala."

"Mukanayankhula, bwenzi tonse titatsala."

"Mwina," anatero a Kamphinda. "Mwina ayi."

Anatsikira pafupi ndi mlatho n'kulowa mumsika, akulambalala matope ndi mawilibala. Nankhoma anawaonera patali. Anali akuthira madzi pa tomato kuti aziwala, ndipo atawaona awiriwo dzuwa lili pamutu, tsiku la ntchito, dzanja lawo linaima m'mwamba. Kasitomala wina anafunsa mtengo kawiri, kenako anapita pa benchi ina.

Nankhoma anayang'ana jumbo ija. Anayang'ana envelopu m'dzanja la amuna awo, kenako ina m'dzanja la mwana wawo.

"Awiri?" anatero.

Alinesi anagwedeza mutu.

"Unayankhula?"

"Ndinayankhula, amayi."

"Inu munapepesa?"

"Ndinapepesa, Nankhoma."

Nankhoma anakhala pansi pa kreti, n'kupukuta manja pa chitenje pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Sanakalipe. Anangowayang'ana onse awiri, wolankhula ndi wopepesa, ataima pakati pa msika ndi makalata awo.

"Tsono Lolemba adzuke m'mawa ndani?"